Mwini Ng'ombe Akakhala Jaji: Bonanza ndi Zimene Zidachitika ku Wyoming

Nditamaliza sukulu ya ukachenjede ndinakhala miyezi ingapo kwa amalume, ndikudikira ntchito imene sinkabwera. Amalumewo ali ndi katoni ya ma DVD a mafilimu a makauboyi, ndipo madzulo magetsi akakhalapo tinkakhala pansi n'kuonera Bonanza. Ben Cartwright akaimirira pakhonde, tsitsi mbuu, n'kuuza gulu la anthu olusa kuti munthu amene akumufunayo sanyongedwa mpaka akaonekere kukhoti, amalume ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Waona mphwanga? Bambo ndi ameneyu." Ine ndinkavomera. Kunena zoona mpaka lero ndimamukondabe Ben. Koma nditayamba kuwerenga mbiri ya malo amene nkhanizi zidachokera, ndinayamba kukayikira ngati amalume akunena zoona.

Kwathu kuno wailesi ya kanema ya dziko idayamba mu 1999, choncho ambiri a ife mafilimu amenewa tidawapeza atakalamba kale. Ku America adali chakudya cha tsiku ndi tsiku. Gunsmoke idayamba pa CBS pa 10 September 1955, John Wayne atatsegulira yekha gawo loyamba, ndipo idatha mu 1975 itafika magawo 635. Bonanza idayamba pa NBC pa 12 September 1959 n'kufika mu 1973, magawo 431. The Rifleman idaonetsedwa kuyambira 1958 mpaka 1963, The Virginian kuyambira 1962 mpaka 1971, The Big Valley kuyambira 1965 mpaka 1969. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mapulogalamu a makauboyi oposa 20 ankalimbirana nthawi yamadzulo sabata iliyonse.

Ambiri mwa mapulogalamuwa maziko ake ndi famu ya ng'ombe. Ya a Cartwright dzina lake Ponderosa, m'mbali mwa Lake Tahoe ku Nevada, kufupi ndi Virginia City, tauni imene idakula chifukwa cha siliva wa Comstock Lode yemwe adapezeka mu 1859. Pulogalamuyo imati famuyo ndi ya masikweya mailosi 1,000, kapena kuti masikweya kilomita pafupifupi 2,600. Tangoganizani, malo okula ngati boma lonse la Zomba, eni ake anthu anayi: Ben ndi ana ake Adam, Hoss ndi Little Joe, aliyense mayi wakewake, amayi onse atatu adamwalira. Kukhitchini kuli Hop Sing, wophika wa ku China. Anthu a mtundu wa Washoe, amene adakhala m'mbali mwa nyanjayo kuyambira makolo awo, pa mapu amene amayaka moto pulogalamu ikamayamba palibepo.

Nkhani zake zimabwerezabwereza, ndipo ubwino wake uli pomwepo. Wina waphedwa, kapena ng'ombe zabedwa. M'bale wa malemu wanyamula mfuti, mtima uli phuliphuli. Anthu m'bala amwa, apeza chingwe. Ndiye pamabwera munthu wa chikumbumtima, kaya Ben, kaya Matt Dillon wa ku Dodge City, kaya Lucas McCain wa mu The Rifleman yemwe akulera yekha mwana wake Mark, n'kuima pakati. Phunziro limakhala lomwelo: kubwezera kumadya mwini wake, mlandu upite kwa woweruza. Koma taonani mmene magawo ambiri amathera. Woipa uja amasolola mfuti poyamba, wabwino n'kumuombera podziteteza. Woonera amalandira zonse ziwiri: wamva ulaliki woletsa kubwezera, ndipo waona mtembo wa amene amafuna kuti afe. Khoti lomwe amalitchula lija nthawi zambiri silikhala n'komwe, poti woimbidwa mlandu ali kale m'bokosi.

Izi zidali ndi chifukwa chake. Kuyambira 1952 mawailesi a kanema ku America adali ndi malamulo odziikira okha, Television Code, amene ankafuna kuti umbanda usamaoneke wosiririka ndiponso kuti osunga lamulo azipatsidwa ulemu. Komanso pulogalamu inkayenera kugulitsa katundu m'nyumba momwe muli ana. Bonanza idajambulidwa yamitundumitundu kuchokera pachiyambi chifukwa RCA, kampani yomwe idali mwini wa NBC, inkagulitsa ma TV oonetsa mitundu. Mwini famu wa pa kanema ankayenera kukhala munthu amene banja lingamulandire pabalaza Lamlungu madzulo.

Mbiri ya malo enieniwo ndi ina. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, ng'ombe zochokera ku Texas zidadzaza madambo a kumpoto. Msipu wake udali malo a boma, opanda mpanda. Munthu wa ng'ombe zikwizikwi ankangozimasula, n'kudzazisonkhanitsa nyengo ikakwana, n'kuzizindikira ndi chizindikiro chopsereza pachikopa. Malo sadagule, koma ankawatenga ngati ake. Vuto linali lakuti lamulo la 1862, Homestead Act, linkapatsa munthu wamba maekala 160 ngati akhalapo ndi kulimapo zaka zisanu. Munthu wanzeru ankasankha maekala ake m'mbali mwa mtsinje. Mu 1874 Joseph Glidden adalembetsa waya wake waminga, ndipo mpanda udatsika mtengo. Mlimi wamng'ono akatchinga pamadzi, ng'ombe za bwana zimwa kuti? Kenaka kudagwa chisanu choopsa cha 1886 mpaka 1887 chimene chidapha ng'ombe zosawerengeka. Mabwana ataluza chuma adayamba kufunafuna womuloza chala, ndipo dzina lakuti wakuba ng'ombe lidayamba kugwera aliyense wowatsekera njira.

Akuba enieni adalipo, zimenezo sitingakane. Koma ku Wyoming amene ankanena kuti wakuba ndi uyu adali bungwe la eni ng'ombe akuluakulu, Wyoming Stock Growers Association. Lamulo la mu 1884 lidapatsa bungweli mphamvu pa ana a ng'ombe opanda chizindikiro opezeka kubusa. Mnyamata waganyu akayamba kakhola kake, ankamuchotsa ntchito n'kumuika pamndandanda wa osalembedwanso.

Pa 20 July 1889, m'mbali mwa mtsinje wa Sweetwater, amuna asanu ndi mmodzi, mmodzi mwa iwo mwini ng'ombe Albert Bothwell, adagwira mayi Ella Watson ndi James Averell n'kuwapachika pamtengo. Watson adali ndi malo ake mwalamulo, pamalo a madzi amene Bothwell ankawafuna. Averell ankalemba makalata m'nyuzipepala odzudzula mabwanawo. Nyuzipepala za ku Cheyenne zidafulumira kumutcha mayiyo Cattle Kate, n'kumati adali hule wolandira ng'ombe zakuba ngati malipiro. Dzina limenelo lidamukakamira zaka zambiri atafa. Mboni zidasowa, ina idamwalira mlandu usanazengedwe, ndipo palibe amene adalangidwa.

Zaka zitatu pambuyo pake zinthu zidafika poipa. Mu April 1892 gulu la anthu pafupifupi 50, eni ng'ombe pamodzi ndi zigawenga zoposa 20 zolembedwa ganyu ku Texas, lidakwera sitima yapadera kuchoka ku Cheyenne kupita ku Casper. Otsogolera adali Frank Wolcott ndi Frank Canton. Adali ndi mndandanda wa mayina a anthu oti aphedwe ku Johnson County, ndipo waya wa telegalafu adaudula kuti uthenga usapite. Pa 9 April adazinga kanyumba pa KC Ranch. Adapha Nick Ray. Mnzake Nate Champion, yemwe ankatsogolera alimi aang'ono ofuna kusonkhanitsa ng'ombe zawo paokha, adalimbana nawo yekha tsiku lonse, uku akulemba m'kabuku zimene zikuchitika. Adayatsa nyumbayo, iye atathawa moto adamuombera.

Maola amene Champion adawachedwetsa aja adapulumutsa ena. Mbiri idafika m'tauni ya Buffalo, ndipo sherifu Red Angus adasonkhanitsa anthu mazana amene adazinga gululo pa TA Ranch. Apa ndiye pamene munthu woonera Bonanza angayembekeze kuti lamulo lapambana, poti sherifu weniweni, wosankhidwa ndi anthu, wazinga opha anthu. Koma Amos Barber, yemwe ankagwirizira ugavanala, adatumiza uthenga kwa Pulezidenti Benjamin Harrison, ndipo pa 13 April asilikali apamahatchi ochokera ku Fort McKinney adafika. Adawatenga mabwanawo m'manja mwa anthu n'kupita nawo ku Cheyenne, kwawo kwenikweni. Mboni ziwiri zimene zidaona za pa KC Ranch zidazembetsedwa. Johnson County idalephera kulipira ndalama zosungira akaidi ndi zozengera mlandu, ndipo kuchiyambi kwa 1893 mlanduwo udathetsedwa. Kwathu timati mlandu suwola, koma uwu udatha popanda wolangidwa ngakhale mmodzi.

Chimene chimalumikiza mbiriyi ndi TV ndi buku la Owen Wister, The Virginian, la mu 1902. Wister adali mwana wa banja lolemera la ku Philadelphia, mnzake wa Theodore Roosevelt kuyambira ku Harvard, ndipo ku Wyoming ankachereza ndi mabwana a ng'ombe omwewo. Frank Wolcott adamulandirapo pafamu pake. M'bukumo kapitawo wa famu amatsogolera kunyonga akuba ng'ombe, mmodzi mwa iwo Steve, mnzake wapamtima. Mphunzitsi Molly Wood zimamunyansa, ndiye mwini famu, amene ndi jaji, amamufotokozera kuti pamene makhoti alephera anthu amangotenganso mphamvu imene adabwereketsa ku makhotiwo. Mfundoyo imamveka bwino mpaka utafunsa kuti anthuwo ndani. Ku Johnson County makhoti sankamanga amene mabwana ankawaloza chifukwa oweruza anzawo adali alimi aang'ono omwewo. Kulephera kwa khoti kumene mabwana ankadandaula kudali kukana kwa khoti kuwamvera.

Bukuli litasanduka pulogalamu ya pa NBC mu 1962, magawo a mphindi 90, famuyo idatchedwa Shiloh, pafupi ndi Medicine Bow, mwini wake Jaji Henry Garth. Mwini ng'ombe ndi jaji ndi munthu mmodzi, ndipo woonera sapemphedwa kudabwa nazo. Apa ndi pamene ndimaona chimene TV idachita. Sidanene kuti kunyonga popanda khoti n'kwabwino, m'malo mwake idakudzudzula mobwerezabwereza. Koma chingwe idachichotsa m'manja mwa bwana n'kuchiika m'manja mwa zidakwa za m'bala, bwanayo n'kumuimika pakhomo la ndende ngati mtetezi. Sindikunena kuti mwini famu woipa kulibe m'mapulogalamuwa. Alipo ambiri, koma amabwera gawo limodzi n'kufa, pomwe Ponderosa imakhalapo sabata ndi sabata, osafunsidwa kuti malo onsewo idawapeza bwanji ndipo amene idawapezapo adapita kuti.

Ngakhale antchito a pafamu adawasintha nkhope. Kauboyi weniweni adali waganyu wolandira madola pafupifupi 30 pamwezi, wogona panja, wochotsedwa ntchito nthawi yachisanu. Ambiri adali anthu akuda ndi a ku Mexico, ndipo luso lenilenilo la chingwe ndi hatchi lidachokera kwa abusa a ku Mexico. Pa kanema wa 1960 simukanadziwa zimenezo. Mafilimu ena adayesa kuima mbali ya alimi aang'ono, monga Shane ya mu 1953 ndi Heaven's Gate ya Michael Cimino ya mu 1980, imene idatenga nkhani ya Johnson County yeniyeniyo. Koma Heaven's Gate idaluza ndalama zambiri, pomwe Bonanza idakhala pulogalamu yoonedwa kwambiri ku America zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 1964 mpaka 1967.

Mwina mukuti, nanga ife za ng'ombe za ku Wyoming zikutikhudza bwanji? Ine ndinaonapo mnyamata akumenyedwa pamsika atakuwiziridwa kuti wakuba. Sindikudziwa ngati anabadi. Amene ankamenya ambiri sankadziwanso. Mawu amene ndinamva tsiku limenelo ndi omwe aja a jaji wa Wister: apolisi akamutenga mawa atuluka, bola tithane naye tokha. Ndinaima chapatali, sindinanene kanthu, ndipo ndikakumbukira ndimachita manyazi. Nkhani ya Ella Watson imandikumbutsa kuti dzina lakuti wakuba limakhala ndi woyamba kulitchula, ndipo nthawi zina woyambayo amakhala ndi chake chimene akufuna.

N'chifukwa chake sindingawalande amalume Ben Cartwright wawo. Munthu woima pakhomo n'kunena kuti dikirani khoti ndi wofunika, ndipo pamsika paja panalibe ngakhale mmodzi, kuwerengera ndi ine ndemwe. Chimene sindivomerezanso n'chakuti munthu woteroyo amachokera m'nyumba yaikulu. Ku Johnson County amene adaima mbali ya lamulo adali sherifu wa m'katauni ndi alimi a maekala 160. Nditawafotokozera amalume zonsezi anakhala duu kanthawi, kenaka anati, "Ndiye kuti a Ben anali ndi mwayi, anawalembera nkhani anzawo." Anasintha DVD, tinaonera gawo lina.