Thistle ndi Shamrock

Thistle ndi Shamrock ndi mitu iwiri yoyamba ya sitima yapamtunda m'Malawi. Inapangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ya mumzinda wa Stafford ku England, ndipo inagulidwa mu 1904 ndi kampani ya Shire Highlands Railway, dziko lino likulamulidwa ndi Britain.

Mbiri

Njanji isanabwere, katundu ankayenda pa sitima zapamadzi mumtsinje wa Shire, kenako amtengatenga ankamusenza pamutu kukwera naye ku Blantyre. Madzi a mu Shire atachepa, sitimazo zinayamba kukanika kufika kumtunda, choncho mu 1903 ntchito yomanga njanji inayamba. Njanjiyi inachokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, n'kudzera ku Chiromo, Luchenza ndi Limbe. Sitima yoyamba inafika ku Blantyre mu 1908. Siteshoni ya Luchenza ndi yomwe inali pafupi ndi anthu a ku Mulanje ndi Phalombe.

Kapangidwe ndi ntchito

Mitu iwiriyi ndi yaing'ono. Uliwonse uli ndi mawilo anayi komanso thanki lamadzi pamwamba pa boyila. Moto unkawiritsa madzi, ndipo nthunzi yake ndi imene inkazunguza mawilo. Inkayenda panjanji yotalikirana mamilimita 1,067. Ntchito yake yaikulu inali kukoka zipangizo zomangira njanji ndi kusuntha mabogi pasiteshoni, pomwe maulendo aatali ankayenda ndi mitu ikuluikulu imene inabwera pambuyo pake.

Kuyambira m'ma 1960, mitu yoyendera dizilo inayamba kulowa m'malo mwa yanthunzi. Yambiri mwa iyo imapanga yokha magetsi ozunguzira mawilo. Njanji ya m'Malawi sinakhalepo ndi nthambo zamagetsi pamwamba pake monga ya ku Natal ku South Africa, komwe sitima zamagetsi zinayamba kuyenda m'ma 1920.

Kusungidwa kwake

Thistle imasungidwa pasiteshoni ya Limbe, pomwe Shamrock ili kumalo osungirako zinthu zakale a Chichiri ku Blantyre, omwe anatsegulidwa mu 1966. Yonse iwiri sikuyendanso, ndipo imafunika kupakidwa penti kawirikawiri kuti isadyedwe ndi dzimbiri. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo, ndipo sitima zinaleka kufika ku Nsanje kuchokera ku Limbe. Mitu iwiriyi ndi zina mwa zinthu zochepa zotsala zimene ophunzira angaone ndi maso pophunzira za chiyambi cha njanji m'Malawi.