Tsiku Limene Ana Adasiya Majasi Pakhomo

Kale, adzukulu anga, pakati pa dziko la America padali chidikha chachikulu chopanda mitengo, udzu wokhawokha mpaka pomwe maso alekezera. Eni nthaka, a mtundu wa Lakota ndi anzawo, boma lidawathamangitsa n'kuwaunjika m'malo ochepa, ndipo dziko lawolo lidayamba kugawidwa kwa alendo. Lamulo la mu 1862 linkati munthu atenge maekala 160, amangepo nyumba, alime zaka zisanu, basi mundawo ndi wake. Mbiri ya minda yaulereyi itawoloka nyanja, kudakhamukira amphawi a ku Norway, ku Sweden, ku Germany ndi ena olankhula Chijeremani ochokera ku Russia. Adadzaza ku Nebraska ndi ku Dakota, komwe nthawiyo kudali kusanagawidwe pawiri.

Nthaka adaipezadi, koma mtengo wa nsichi kapena wa nkhuni kudalibe. Ambiri ankadula zibuma za dothi lolukana ndi mizu ya udzu n'kuzisanja kukhala khoma. Pa mbaula ankasonkhezera zitsononkho, ndowe zouma ndi udzu wopota. Aliyense ankamanga pakati pa munda wake, kotero kuti ungakuwe bwanji, mnansi sakadamva. Sukulu idali kanyumba ka chipinda chimodzi patchire, mphunzitsi mmodzi, nthawi zambiri mtsikana wosakwana zaka 20 wogonera pakhomo la kholo lina lapafupi.

Januwale kumeneko ndiye pachimake pa chisanu. Chaka cha 1888 chidayamba ndi kuzizira kobindikiritsa anthu m'nyumba masiku angapo, ziweto zili m'khola, ana ambiri osapita kusukulu. Ndiye Lachinayi pa 12 Januwale kudacha kofunda. Chipale cha pamadenga chidayamba kusungunuka n'kumadontha. Abambo adatsekulira ng'ombe kuti zikamwe, ena adapita kukatuta udzu wouma ku milu yakutali, ena adamanga mahatchi ulendo wa kutauni. Ana adathamangira kusukulu, ambiri atasiya majasi okhuthala ndi zovala za m'manja pakhomo. Musawaweruze amayi awo. Ndani akadakakamiza mwana jasi kunja kuli kofunda chonchija? Tsoka silinunkha.

Kumwambaku zidali zitapsa kale. Mpweya wofundawo unkachokera kummwera, pomwe kumpoto ku Canada kunkatsika chimpweya chozizira koopsa, ndipo pamene ziwirizi zidakumana padabadwa namondwe. Zanyengo nthawi imeneyo zidali m'manja mwa asilikali. Wolosera za deralo, Lieutenant Thomas Woodruff, ankakhala ku St. Paul ku Minnesota. Chenjezo linkayenda pa waya wa telegalafu, likafika m'tauni n'kukwezedwa mbendera. Ena adadzudzula Woodruff kuti adachedwa, koma ine ndimati ngakhale akadafulumira, mlimi wa kutali ndi njanji mbenderayo akadaiona bwanji?

Opulumuka ankasimba kuti adayamba kumva mkokomo, kenaka n'kuona chimtambo chotuwa chikugubuduka pansi kuchokera kumpoto chakumadzulo. Ku Dakota chidafika cha m'mawa mpaka masana, ku Nebraska dzuwa litapendeka, nthawi yomwe ana ali m'kalasi kapena akuweruka. Chipale chake sichidali chogwa pang'onopang'ono ayi. Chidali chosalala ngati ufa wosefa, chouluka cham'mbali, cholowa m'mphuno ndi m'makutu. Misozi inkaundana, zikope n'kumatirirana. Munthu sankaona dzanja lake lomwe, ndipo mnzake akakuwa pambali pake sankamumva. Ng'ombe zambiri zidafa chifukwa madzi oundana adazitseka mphuno. Usiku umenewo kuzizira kudatsika kufika pa -29°C, m'madera ena pa -40°C.

Apa ndiye padagona nkhani. Mphunzitsi aliyense, ali yekhayekha, adayenera kusankha: kusunga ana m'kalasi usiku wonse popanda chakudya, nkhuni zili pang'ono, kapena kutuluka nawo kukafuna khomo lapafupi kusanade.

Ku Mira Valley, pafupi ndi tauni ya Ord ku Nebraska, kudali mphunzitsi wa zaka 19, Minnie Freeman. Mphepo idagwetsa chitseko cha sukulu yake n'kusasula mbali ya denga, ndiye zokhala zidatheratu. Adatuluka ndi ana 13, akuwagwiranitsa, kuwadzutsa akagwa, mpaka adafika nawo onse amoyo kunyumba yomwe ankagonera.

Ku Plainview, m'dziko lomwelo la Nebraska, Lois Royce adatsala ndi ana atatu, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi. Chosonkhezera pa mbaula chidatha. Nyumba yomwe ankakhala idali pafupi, mtunda wosakwana mamita 200, njira yomwe ankayenda tsiku ndi tsiku. Adatuluka nawo, adaiphonya nyumbayo, n'kusochera m'tchire. Adagona pachipale atawakumbatira anawo, ndipo usikuwo adamwalira mmodzimmodzi m'manja mwake. Iye kutacha adakwawa mpaka pakhomo lina. Mapazi ake madokotala adadula. Mukamva nkhani ziwirizi, musathamangire kunena kuti wina adali wanzeru, wina wopusa. Onse adachita chimodzimodzi, ndipo onse adali ndi chifukwa.

Wachitatu ndi Etta Shattuck wa ku Holt County. Iyeyu adalibe ana tsikulo. Adapita kukasainitsa chikalata cha malipiro ake, namondwe n'kumupeza pobwerera. Adagunda mulu wa udzu wouma, adaufukula n'kudzilowetsa, koma miyendo siidabisike bwino. Adakhala momwemo maola 78, akupemphera ndi kuimba nyimbo za kutchalitchi, mpaka mwini udzu atabwera kudzatapa chakudya cha ziweto. Adamutulutsa wamoyo, koma miyendo idali itafa kale. Ataidula, adamwalira pa 6 Febuluwale.

Ku Dakota, pafupi ndi tauni ya Freeman, anyamata asanu a mpingo wa Mennonite adapatukana ndi aphunzitsi awo ndi anzawo m'njira yochokera kusukulu, ndipo onse adawapeza atafa. Atatu mwa iwo adali a mimba imodzi.

Chisanu sichipha mwankhanza zooneka. Munthu amayamba kunjenjemera, kenaka kunjenjemerako kumaleka, nzeru zimasokonekera, tulo tokoma timamugwira. Ena pomalizira penipeni amamva kutentha n'kuyamba kuvula, n'chifukwa chake maliro ena adapezeka majasi ali pambali. Padali ena omwe adapirira usiku wonse, koma kutacha atangoimirira kuti ayende adagwa n'kufa, mtima utalephera. Ndipo chosocheretsa chidali chakuti munthu wosaona sayenda molunjika, amapendekera komwe mphepo ikumukankhira. Ambiri adawapeza mapazi ochepa chabe kuchokera pakhomo pawo kapena pakhola. Omwe adagwira mpanda wa waya n'kuutsatira, kapena kumanga chingwe pachitseko asanatuluke, ndi omwe ankabwerera. M'makomo ena amayi adachezera kuimba mabelu ndi kumenya mapoto pakhomo, nyale ili pazenera, kuti wosochera atsate.

Lachisanu kudacha kowala, kumwamba kuli mbee, kuzizira kokhakokha. Anthu adatuluka ndi zileyi kukafuna abale awo. Chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi anthu 235, koma olemba mbiri ena amati adaposa pamenepo, poti ena adafa masabata otsatira ndi zilonda za kudulidwa ziwalo ndi chibayo, ndipo maliro ena adaoneka chipale chitasungunuka. Eni malonda a minda ndi anyuzipepala ena a kumeneko sankafunanso kuti chiwerengero chikwere, kuopa kuti alendo aleka kubwera.

Nyuzi zidatola dzina la Minnie Freeman n'kulifikitsa dziko lonse. Adamupekera nyimbo, adamutumizira mphatso, ndipo amuna osamudziwa n'komwe adamulembera makalata omufunsira banja. Nkhani idakula m'kamwa mwa anthu mpaka kumati adawamanga anawo ndi chingwe chimodzi, ngakhale kuti mmodzi mwa ana omwewo atakula adatsutsa zachingwezo. Lero m'nyumba ya malamulo ya Nebraska ku Lincoln muli chithunzi chachikulu cha pakhoma chokumbukira tsikulo.

Koma ana ambiri omwe adapulumuka sadapulumuke poyenda. Adapulumuka chifukwa aphunzitsi awo adatseka chitseko, adakana kutulutsa aliyense ngakhale ana akulirira kwawo, ndipo malasha atatha adathyola mabenchi ndi madesiki n'kusonkhezera, akuwayendetsa anawo mozungulira mbaula kuti asagone. Makolo adawapeza m'mawa ali ndi njala, mwaye uli kumaso, koma zala zonse zilipo. Aphunzitsi amenewa palibe adawapekera nyimbo, poti usiku wawo udalibe chosimba.

Patangopita miyezi iwiri, mu Malichi, namondwe wina adakwirira New York ndi mizinda ya kum'mawa, ndipo anthu a kumeneko poti adali a m'tauni, dandaulo lawo lidamveka msanga kuboma. Mu 1891 ntchito yolosera zanyengo idachoka m'manja mwa asilikali n'kupita ku unduna wa zamalimidwe.