Tintchentche ta Ritossa: mbiri ya kulakwitsa kumene sikunafufutidwe

Papita masabata angapo ndisanalembe kanthu, mundikhululukire, ndinatanganidwa ndi kuchonga mayeso a pakati pa teremu. Lero ndafuna ndikusimbireni mbiri ina ya sayansi imene ndimaikonda kwambiri, koma ndiyambe ndi zimene zandikumbutsa mbiriyi.

Sabata yatha ana anga a Fomu 3 amachita pulakitiko ija ya malovu ndi sitachi. Buku limati malovu owiritsa sagayanso sitachi chifukwa kutentha kumaononga enzyme ya m'malovumo, choncho ukathira ayodini madziwo amayenera kuda. Gulu limodzi linapeza zosiyana, madzi awo sanade ayi. Pofika pa tebulo lawo ndinapeza mtsikana amene amalembera gululo wafufuta kale zimene anaona, walemba za m'buku. Nditamufunsa anati, "Aphunzitsi, timaopa kuti mutichotsera malikisi." Mawu amenewa anandikhudza ndithu, poti amene tinawaphunzitsa mantha amenewo ndife tomwe. Ndiye ndinawauza nkhani imene ndikuuzeniyi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, dziko lathu likadali Nyasaland, mu mzinda wa Pavia ku Italy munali wasayansi wachinyamata dzina lake Ferruccio Ritossa. Iyeyu ankafufuza tintchentche tating'ono tija timaunjikana pa nthochi zovunda, asayansi amati Drosophila. Mphutsi za tintchentcheti zili ndi chinthu chodabwitsa: m'tiziwalo take topanga malovu muli ma chromosome akuluakulu moti amaoneka bwinobwino pa maikulosikopu wamba, ali ndi mizeremizere ngati nsalu. Jini ina ikayamba kugwira ntchito, malo ake pa chromosome amafufuma. Ritossa ankafuna kudziwa chimene chimapangidwa pa malo ofufumawo.

Tsiku lina anaona kufufuma pa malo pamene sanakuonepo n'kale lonse. Atafufuza anapeza kuti mnzake wina wa mu labu anakweza kutentha kwa bokosi limene ankasungiramo mphutsi zake. Wina akanangotukwana, n'kutaya mphutsizo, n'kuyambiranso. Iye anabwereza dala zimene zinachitika mwangozizo, mphutsi zina n'kuzisiya pa kutentha kwa masiku onse kuti afananitse. Anapeza kuti kutentha kukakwera ndi madigiri ochepa chabe, majini ena amadzuka m'mphindi zowerengeka pamene ena amazilala. Anayesanso mankhwala osokoneza mphamvu za selo, monga DNP, ndipo kufufuma komwe kuja kunabweranso. Apa n'kuti wazindikira kuti nkhaniyi si ya kutentha kokha, ndi momwe selo limayankhira likapanikizika.

Musaganize kuti anamuombera m'manja. Iye mwini anadzasimba patapita zaka zambiri kuti magazini ina yotchuka ya sayansi inakana zolemba zakezo, ati zinalibe phindu. Zinatuluka mu 1962 m'magazini ya ku Switzerland yotchedwa Experientia, masamba atatu okha, ndipo kwa zaka zoposa khumi ndi anthu ochepa amene anazilabadira. Kunena chilungamo, sikuti anzakewo anali ouma mitu. Nthawi imeneyo panalibe njira yophweka yodziwira kuti majini odzukawo akupanga chiyani, ndipo zinkaoneka ngati kachilendo ka tintchentche basi.

Zinthu zinasintha mu 1974. Alfred Tissières wa ku Geneva, ali ku Caltech ku America pamodzi ndi Herschel Mitchell ndi Ursula Tracy, anaonetsa kuti mphutsi zikatenthedwa zimachepetsa kupanga mapuloteni a masiku onse n'kuyamba kupanga kagulu ka mapuloteni ena ochepa koma mochuluka zedi. Amenewa ndi amene lero timawatcha heat shock proteins, mwachidule HSP. Mayina awo amatsata kulemera kwawo, n'chifukwa chake mumva za Hsp60, Hsp70, Hsp90. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anthu anayamba kuwapeza paliponse: m'maselo a nkhuku, mu yisiti, ngakhale m'bakiteriya wa m'matumbo uja E. coli. Mu 1982 kunachitika msonkhano woyamba wa nkhaniyi ku Cold Spring Harbor ku New York. Mu 1984 James Bardwell ndi Elizabeth Craig anapeza kuti Hsp70 ya tintchentche ndi puloteni ina ya E. coli zimafanana pafupifupi theka la kapangidwe kake. Taganizani, bakiteriya ndi ntchentche, zamoyo zosiyana ngati usiku ndi usana, koma zasunga chida chimodzimodzi. Chinthu chimene zamoyo zasunga chonchi ndiye kuti n'chofunika kwambiri pa moyo.

Nanga mapuloteniwa amagwira ntchito yanji? Puloteni iliyonse imayamba ngati chingwe chachitali cha mikanda, ndipo kuti igwire ntchito imayenera kupindika mwa njira yakeyake. Kutentha kumamasula mapindidwe amenewa, zingwezo n'kumatirirana. Mukaphika dzira, choyera chija chikamauma, mukuona zimenezi ndi maso anu. Christian Anfinsen analandira mphoto ya Nobel mu 1972 ataonetsa kuti puloteni imatha kupindika yokha mu chubu, ndipo ambiri ankaganiza kuti m'selonso zimangotero. Koma selo ndi lodzaza ngati minibasi ya madzulo, chingwe chatsopano sichichedwa kukolana ndi chinzake.

Chodabwitsa n'chakuti mbali ina ya yankho inachokera ku zomera. John Ellis wa ku yunivesite ya Warwick ku England ankafufuza Rubisco, puloteni ya m'masamba imene imakola mpweya wa carbon dioxide. Mu 1980 iye ndi mnzake anapeza puloteni ina imene imagwira zidutswa za Rubisco zisanalumikizane, koma yosakhala nawo ntchitoyo ikatha. Mu 1987 Ellis anafalitsa dzina lakuti molecular chaperone, limene Ron Laskey anali atagwiritsapo kale mu 1978. Kwa azungu chaperone anali mayi wachikulire woperekeza mtsikana ku dansi kuti asakodwe ndi anthu olakwika. Ine pophunzitsa ndimati ndi phungu wa namwali: amamuyang'anira, kumulangiza, mwambo ukatha n'kumusiya adziyendera yekha. Mu 1989 Arthur Horwich ndi Ulrich Hartl anatsimikiza mu yisiti kuti popanda Hsp60 mapuloteni ena sapindika bwino ngakhale kusatenthe. Awiriwa anadzalandira mphoto ya Lasker mu 2011. Choncho ambiri mwa ma HSP amagwira ntchito tsiku ndi tsiku, kungoti mavuto akabwera selo limalemba aganyu ambiri.

Tsopano tibwere ku munda, poti ndi kumene nkhaniyi imatikhudza kwambiri. Chomera sichingathawire pamthunzi ngati mbuzi, chimapirira pomwe chamera. Mu 1981 gulu la Joe Key ku yunivesite ya Georgia linaonetsa kuti mbande za soya zikachotsedwa pa madigiri 28 n'kuikidwa pa 40 zimapanga ma HSP ake. Mu 1984 gulu lomweli linapeza chinthu chokoma kwambiri: mbande zimene zayamba zalawa madigiri 40 kwa maola awiri zimapirira madigiri 45, kutentha kumene kumaononga mbande zosakonzekera. Kulawa vuto pang'ono kumakonzekeretsa chomera vuto lalikulu. Mu 2000 magulu awiri, la Susan Lindquist ku Chicago ndi la Elizabeth Vierling ku Arizona, anaonetsa pa kaudzu kotchedwa Arabidopsis kuti kuzolowera kumeneku kumadalira kwambiri Hsp101, puloteni imene imamasula zingwe zomatirirana kale zija. Chomera chopanda Hsp101 chimakula bwinobwino, koma kutentha kukafika chimafa.

Kodi izi zili ndi ntchito yanji kwa mlimi wa chimanga? Mu 2011 David Lobell ndi anzake anasanthula zotsatira za minda yoyeserera chimanga yoposa 20,000 ya muno mu Africa. Anapeza kuti digiri imodzi iliyonse yopitirira 30, ikakhala kwa tsiku lathunthu, imachepetsa zokolola ndi 1 peresenti ngakhale mvula igwe bwino, ndipo pa chilala ndi 1.7 peresenti. Ife tinazolowera kudandaula mvula, koma kutentha pakokha n'kwakuba, makamaka chimanga chikamamasula ngayaye chifukwa mungu sulimba pa dzuwa loopsa. N'chifukwa chake asayansi akusakasaka majini opirira kutentha. Gulu la Lin Hongxuan ku Shanghai linapeza jini ya TT1 mu 2015 ndi ya TT3 mu 2022, ndipo mtundu wolimba wa majini onsewa anaupeza mu mpunga wa makolo wa ku West Africa, Oryza glaberrima. Majini amenewa si a HSP enieni, koma ndi a nkhani yomweyi: TT1 imathandiza selo kuchotsa msanga mapuloteni oonongeka, pamene TT3 imateteza mbali zobiriwira za tsamba zija zimapanga chakudya. Mbewu zimene alimi a ku Africa anasunga kwa zaka zikwi zasanduka nkhokwe ya dziko lonse.

Kuchipatala nako nkhaniyi inafika, ngakhale ulendo wake wakhala wa zigwa ndi zitunda. Maselo a khansa amakhala opanikizika ndipo ali ndi mapuloteni opunduka ambiri, choncho amadalira kwambiri Hsp90. Mu 1994 Luke Whitesell ndi anzake anapeza kuti mankhwala otchedwa geldanamycin amatseka Hsp90, ndipo chiyembekezo chinakula kuti khansa yapezeredwa msampha. Kuyesa pa anthu kunayamba mu 1999, koma mankhwala ambiri a mtundu umenewu analephera, ena ankaononga chiwindi, ena maso, poti maselo abwinonso amafuna phungu yemweyo. Mpaka mu 2022 ndi pamene dziko la Japan linavomereza oyamba, pimitespib, a khansa ina ya m'mimba ndi m'matumbo yotchedwa GIST. Palinso mankhwala ena, arimoclomol, amene cholinga chake ndi kulimbikitsa ma HSP. Analephera pa matenda opuwalitsa a ALS mu 2021, koma mu 2024 America inawavomereza pa matenda osowa a chibadwa otchedwa Niemann-Pick type C. Ndanena izi dala kuti mukamva wina akugulitsa mankhwala kapena tiyi wakuti "amadzutsa mapuloteni oteteza thupi" muzifunsa umboni. Asayansi enieni zawatengera zaka pafupifupi 30 kuti apeze mankhwala ochepa chonchi.

Malungo nawonso alimo. Kachilombo ka malungo kamachoka mu udzudzu wozizira n'kulowa m'thupi la madigiri 37, kenako wodwala akatentha thupi mpaka 40 kapena 41 ikonso kamaphikidwa nawo. Kamapirira chifukwa kali ndi ma HSP akeake. Mu 2009 ofufuza a ku Australia anapeza kachipata kamene kachilomboka kamatulutsirapo mapuloteni ake kupita m'selo lofiira la magazi, ndipo injini ya kachipatako ndi HSP101, m'bale wake wa ija ya zomera. Mu 2014 zinatsimikizika kuti ukatseka chipata chimenechi kachilomboka sikakula. Ku South Africa, Gregory Blatch ndi Addmore Shonhai achita kafukufuku wambiri pa Hsp70 ya kachilombo ka malungo. Zonsezi gwero lake ndi mphutsi zija zinatenthedwa mwangozi ku Pavia.

Ritossa mwini wake sanakhalitse pa nkhaniyi, anapita ku mafunso ena a majini. Pambuyo pake anasiya sayansi n'kukakhala kumudzi kufupi ndi Bologna, kumene ankasema ziboliboli mpaka anamwalira mu 2014. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuchokera 1962 kufika 1974 ndi zaka 12, kufika pa mankhwala a 2022 ndi zaka 60.

Mwina mukufunsa kuti za ana anga aja zinatha bwanji. Tsiku lotsatira tinabwereza pulakitikoyo pa nthawi yopuma, machubu atatu, wina atagwira wotchi. Malovu owiritsidwa mokwanira sanagaye sitachi, buku silinaname. Anawo anavomera kuti tsiku loyamba lija anachotsa chubu madzi atangoyamba kufunda, poopa kuti belu lilira. Sitinatulukire chatsopano chilichonse, ndipo nthawi zambiri zimatha choncho: chodabwitsa chimakhala kulakwitsa wamba. Koma simungadziwe ngati ndi kulakwitsa wamba kapena ndi za Ritossa mutafufuta. Ndinawapatsa malikisi onse, ndipo kuyambira pano m'kalasi mwanga zotsatira za pulakitiko tizilemba ndi bolopeni.

Aphunzitsi anzanga, kodi inu mumatani gulu likapeza zosiyana ndi buku? Ndikudziwa silabasi ndi yaitali ndipo MSCE siyembekeza munthu, koma ndingakonde kumva maganizo anu.