Liwu Lakuti Nyanja

Tikaima pa siteshoni ya Entre Lagos, madzi ali mbali ziwiri. Kumpoto kuli Chiuta, kumwera kuli Chilwa. Dzina la malo athu likunena zomwezo, pakuti m'Cipwitikizi "entre" ndiye kuti pakati, ndipo "lagos" ndiye kuti nyanja zingapo. Dzinali si lakale ai. Linamveka kwambiri pamene njanji yocokera ku Cuamba inalowa m'Malawi podzera pa Nayuchi m'caka ca 1970. Koma liwu lathu lakuti nyanja ndi lakale kuposa njanji, kuposa malire, kuposanso kufika kwa Apwitikizi m'dziko muno.

Tiyeni tiliwerenge pang'onopang'ono: nya-nja. Lili ndi maphatikizo awiri okha. Munthu wongoyamba kumene kugwira pensulo angathe kulilemba.

Kodi nyanja nciyani? Tonse tidziwa. Si dziwe, si thamanda, si dambo. Ndi madzi aakulu, oyendamo bwato. Msodzi akauza mkazi wake kuti, "Ndapita kunyanja," mkaziyo safunsa kuti nyanja iti. Madzi aakulu alionse ndi nyanja. Amang'anja a ku cigwa ca Shire ankacha mtsinje wawo waukuluwo nyanja. Madzi a ku Nacala, kumene njanji yathu ithera, tiwacha nyanja ya mcere. Tisunge mfundo imeneyi, cifukwa alendo ambiri anaphunthwa pomwepa: nyanja si dzina la malo amodzi.

Tsopano timvere anansi athu. Ayao amati nyasa. Atumbuka amati nyanja monga ife. Ashona a ku Zimbabwe amati nyanza. Tikapita kutali kumpoto, Abaganda a ku Uganda amati ennyanja, ndipo a ku Rwanda amati inyanja. Ku Kenya, cigawo conse ca ku Kisumu cinkadziwika ndi dzina lakuti Nyanza, cifukwa cili m'mphepete mwa madzi aakulu.

Wina anganene kuti, "Nyasa ndi nyanja ndi mau awiri osiyana." Tiyese ndi liwu lina limene tonse tilidziwa bwino, njala. Myao amati sala. Mshona amati nzara. Mganda amati enjala. Taonani: pamene ife tinena nj, Myao anena s, Mshona anena nz, Mganda anena nj monga ife. Nyanja, nyasa, nyanza, ennyanja. Njala, sala, nzara, enjala. Kusiyanaku kuli ndi dongosolo lake. Liwu ndi limodzi, koma lilime la mtundu uliwonse linalipinda m'njira yake.

Aswahili anatenga njira ina. Iwo nyanja ya pamtunda amati ziwa, ndilo liwu lathu lija lakuti dziwe. Cimene kwa ife ndi posambira ana, kwa iwo ndi Tanganyika yense! Nyanja ya mcere amati bahari, liwu limene anabwereka kwa Aluya amene ankacita nawo malonda.

Nanga zinatheka bwanji kuti munthu wa ku Kampala ndi munthu wa ku Mecanhelas, amene sanaonanepo, achule madzi ndi liwu limodzi? Sanabwerekane ai. Analandira kwa kholo limodzi. Zinenero zonsezi, pamodzi ndi Cilomwe, Cimakhuwa, Cisena ndi zina mazanamazana, ndi za banja limodzi limene ophunzira alicha Bantu, potengera liwu lakuti anthu. Ofufuza apeza kuti makolo a banjali ankakhala kumene lero kuli malire a Nigeria ndi Cameroon, ndipo anayamba kubalalika zaka zoposa 3,000 zapitazo. Sanayende ulendo umodzi. Mbadwo uwu unkasuntha pang'ono kufuna minda, mbadwo wina nkusunthanso. Mbiri ya Amaravi imakumbuka gawo lotsiriza la ulendowu, ponena kuti makolo anacokera ku dziko la Aluba ku Congo. Anthu amenewo sanatisiyire buku. Umboni wa ulendo wawo ndi mapale a mbiya, zitsulo za m'nthaka, ndi mau onga awa amene tiwanena tsiku ndi tsiku osaganizako.

Liwu lathuli linayamba kulowa m'mabuku kudzera mwa alendo. M'caka ca 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda pansi kucokera ku Tete mpaka ku Kilwa, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Nkhani ya ulendo wake imanena za madzi aakulu ooneka ngati nyanja ya mcere, ndi kuwacha Manganja. Imanenanso za mtsinje wotuluka m'madzimo wochedwa Nhanha, umene ukathira mu Zambezi kunsi kwa Sena. Ife amene taphunzirako zilembo za Cipwitikizi tidziwa kuti nh wawo ndiye ny wathu. Nhanha ameneyo ndi nyanja, monga khutu la mlendo linamvera. Mtsinjewo ndi Shire.

Patapita zaka zoposa 200, ku Rabai pafupi ndi Mombasa kunali munthu dzina lake Salimini. Anabadwira m'dziko la Acewa kumadzulo kwa nyanja yaikulu, koma anagwidwa ukapolo, namuolotsa ndi kumugulitsa kugombe. Kugombeko anthu ocokera kunyanja kuno ankawacha Wanyasa. Mmishoni wa ku Germany, Johannes Rebmann, anamva Salimini akulankhula cinenero cacilendo, nayamba kumufunsa mau ndi kuwalemba. Anagwira nchitoyi ca m'ma 1853 mpaka 1855, ndipo buku lake linasindikizidwa m'caka ca 1877, Rebmann atamwalira kale. Cinenerocho anacicha Kiniassa. Ndi cinenero cathu comwe cino. Dzina lolembedwa pacikuto ndi la mzungu, koma mau onse a m'katimo anatuluka pakamwa pa kapoloyo.

Nthawi yomweyo Rebmann ndi mnzake Jakob Erhardt ankafunsa amalonda a minyanga za m'kati mwa Afrika. Oyenda njira ya kumwera ankati njira yathera pa madzi aakulu. Oyenda njira ya pakati ankanena zomwezo, a kumpoto cimodzimodzi. Amishoniwo anaganiza kuti onsewa akunena madzi amodzi. Anajambula mapu oonetsa cinyanja cimodzi cacikulu pakati pa Afrika, comeza Nyasa, Tanganyika ndi nyanja ya ku Uganda. Mapuwo anafalitsidwa ku Ulaya m'caka ca 1856, ndipo anthu ophunzira anakangana nawo kwambiri. Akadafunsa msodzi wa pa Chilwa, akadawauza kuti nyanja nzambiri.

M'caka ca 1858 Mngerezi John Speke anafika pa nyanja ya kumpoto ija. Atamva eni ake akuti nyanza, anawonjezapo dzina la mfumukazi ya kwawo, nkukhala Victoria Nyanza. Caka cotsatira, mu Epulo 1859, David Livingstone ndi John Kirk anaona Chilwa yathuyi ali kutsidya la ku Zomba. Mu Setembala caka comweco Livingstone anafika pa nyanja yaikulu, nalemba liwu la Ciyao lija ngati dzina lake: Lake Nyassa. Apwitikizi nawo anati Lago Niassa. "Lake" ndi "lago" ndiye kuti nyanja. Tsono maina awiriwa tikawamasulira akuti Nyanja Nyanja. Mabuku a atsamunda ankaphunzitsa kuti Livingstone ndiye anatulukira nyanjayo, ngakhale kuti anapeza anthu akuwedza ndi kuyanika makoka m'mphepete mwake.

Kucokera apo liwu lathu linasanduka cidindo ca olamulira. M'caka ca 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana malire. M'dera lathu lino mzerewo unatsata gombe la kum'mawa la Chiuta, nkudumphira ku gombe la kum'mawa la Chilwa. Anthu a pano sanafunsidwe. Kumadzulo kwa mzerewo dziko linakhala la Angerezi, ndipo m'caka ca 1907 analicha Nyasaland. Kum'mawa, boma la Portugal linapereka dziko lalikulu, kucokera ku nyanja ya Niassa mpaka ku Pemba, m'manja mwa kampani ya malonda yochedwa Companhia do Nyassa. Kampaniyo inalamulira mpaka 1929. Phindu lake lalikulu linali msonkho wa nyumba ndi kugwiritsa anthu cibalo, ndipo mabanja ambiri anathawa kupita ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Amuna a tsidya lija amene ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, kumeneko ankangowacha Manyasa, kaya ndi Atonga, Alomwe kapena Angoni.

Ufulu utabwera, dziko lililonse linacita nalo liwuli monga linafunira. Nyasaland inakhala Malawi m'caka ca 1964, ndipo boma la Dr. Kamuzu Banda linasinthanso dzina la nyanja kuti ikhale nyanja ya Malawi. M'caka ca 1968 linalamula kuti cinenero cimene mabuku ankacicha Cinyanja cizichedwa Chichewa. Tanzania inasunga dzina lakuti Nyasa. Ife ku Mozambique, titalandira ufulu mu 1975, tinafafaniza maina ambiri a atsamunda. Vila Cabral inakhala Lichinga, Nova Freixo inabwerera ku dzina la Cuamba. Koma Niassa sitinalikhudze, pakuti silinali la atsamunda. Cinenero naco, kuno ndi ku Zambia, cinatsala ndi dzina lake lakuti Cinyanja, ndiye kuti cinenero ca anthu a kunyanja. Lero madzi amodzi ali ndi maina atatu, Malawi, Nyasa ndi Niassa, ndipo cinenero cimodzi cili ndi maina awiri.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a m'malire. Pa nkhondo imene inatha m'caka ca 1992, ambiri a ife tinathawira ku Malawi, ndipo ana ena anabadwira komweko. Cifukwa ca ici, tikapita ku matauni a kutali nthawi zina timamva wina akuti, "Inu mukulankhula za ku Malawi." Ena mwa ife amacita manyazi, nayamba kubisa cinenero cao. Tiwerengere zaka. Liwu lakuti nyanja linalembedwa m'nkhani ya ulendo wa 1616. Malire anabwera mu 1891. Pakati pake pali zaka 275, ndipo liwulo linali lakale kale pamene Bocarro analimva. Anyanja a ku Metangula ndi Cobue, Acewa a ku Angonia ndi Macanga ku Tete, ndi ife a ku Mecanhelas sitinabwereke cinenero kwa wina. Cinyanja ndi cimodzi mwa zinenero za Mozambique, ndipo cinali m'gulu la zinenero 16 zimene boma linayamba kuphunzitsira ana m'masukulu ena m'caka ca 2003.

Nyanja zathu ziwirizi nazo sizifanana. Madzi a Chiuta ndi abwino kumwa. Amatsikira ku Amaramba, nalowa mu Lugenda, nakafika ku Rovuma. Chilwa ilibe potulukira. Madzi ake ndi osaya ndi amcere pang'ono, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2012 inabwerera kutali ndithu. Akulu amene anaona 1968 ndi 1995 adziwa mmene zinalili. Mabwato anakhala pa matope ong'aluka, matemba ndi makumba anasowa pamsika, milamba inatsalira m'madziwe a m'mitsinje. Anthu ankayenda pansi pamene kale ankapalasa. Koma munthu wopita kumeneko, ukamufunsa kumene alinkupita, ankayankhabe kuti, "Kunyanja."