Luso lopeta nsalu la ku India

Luso lopeta nsalu la ku India ndi njira zosiyanasiyana zokongoletsera nsalu pogwiritsa ntchito singano, ulusi, mikanda ndi timagalasi. Chigawo chilichonse chili ndi kapetedwe kake, ndipo munthu wodziwa amatha kuzindikira kumene chovala chachokera pongoona masokedwe ake.

Mitundu yodziwika

Chikankari imapangidwa mumzinda wa Lucknow, m'chigawo cha Uttar Pradesh. Kale ankapeta ndi ulusi woyera pa nsalu yoyera yopyapyala ya thonje, yoyenera nyengo yotentha. Mu 2008 dzinali linatetezedwa ndi lamulo la India kuti lizigwiritsidwa ntchito pa zopeta za m'derali zokha.

Phulkari ndi ya ku Punjab, ndipo dzinali limatanthauza ntchito ya maluwa. Wopeta amasoka ndi ulusi wa silika kuchokera kuseri kwa nsalu, akuwerenga ulusi wa nsaluyo kuti maluwa afanane. Amayi ndi agogo ankakonza nsaluzi kwa zaka zambiri kuti adzapatse mwana wamkazi pa ukwati wake. Ikapetedwa yonse osasiya mpata imatchedwa bagh, kutanthauza munda wa maluwa.

Kantha ndi ya ku West Bengal ndi ku Bangladesh. Inayamba ngati njira yosatayira zovala zakutha: amayi ankasanjikiza nsalu zakale n'kuzilumikiza ndi masokedwe ang'onoang'ono kuti zikhale zofunda.

Zardozi ndi kupeta ndi ulusi wa golide kapena siliva, ndipo dzinali ndi la Chiperisiya. Inatchuka m'nyumba zachifumu nthawi ya Akbar, yemwe analamulira kuyambira 1556 mpaka 1605. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito waya wa kopa wokutidwa ndi mtundu wa golide.

Shisha ndi kusokerera timagalasi pa nsalu, ndipo imapezeka kwambiri ku Gujarat ndi ku Rajasthan.

Malo ake m'fashoni

Zovala za akwati ku India zimadalira kwambiri zopetazi. Makampani akuluakulu a zovala ku Ulaya nawonso akhala akutumiza ntchito yopeta ku Mumbai kwa zaka zambiri, koma chovala chikafika m'sitolo chimakhala ndi dzina la kampani, osati la wopeta. Mu Marichi 2023 kampani ya Dior inachita chionetsero pa Gateway of India ku Mumbai, pomwe inaonetsa poyera ntchito ya opeta a Chanakya. Mu 2020 Rahul Mishra anakhala mmwenye woyamba kuitanidwa kukaonetsa zovala zake pa sabata ya haute couture ku Paris.

Vuto lalikulu la opeta pamanja ndi makina, omwe amamaliza msanga ntchito yomwe munthu angatenge masabata, ndipo amagulitsa motchipa. Ambiri mwa opeta chikankari ndi amayi ogwirira ntchito pakhomo, omwe amalipidwa pang'ono kudzera mwa anthu apakati. Bungwe la SEWA Lucknow linakhazikitsidwa mu 1984 kuti amayiwa azigulitsa okha ndi kulandira malipiro oyenera.

Ku Malawi

Amwenye anayamba kufika ku Nyasaland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Asilikali achi Sikh anabwera ndi Harry Johnston mu 1891, ndipo pambuyo pake kunabwera amalonda, ambiri ochokera ku Gujarat. Nsalu zinali pakati pa katundu wamkulu m'masitolo awo, kuphatikizapo a m'maboma ngati Dedza. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda linalamula amalondawa kuchoka kumidzi n'kukakhala m'mizinda, choncho malonda awo anakhazikika kwambiri ku Limbe ndi ku Lilongwe. Zovala zopeta monga sari ndi salwar kameez zimavalidwa ndi mabanja achimwenye pa maukwati, pa Diwali ndi pa Idi.