Zikwangwani ndi Zojambula Zotsutsa Tsankho ku America

Ulendo wa chete mu 1917

Anthu akuda a ku United States of America akhala akunyamula zikwangwani pa zionetsero kwa zaka zoposa 100. Makolo awo anatengedwa ku Africa ngati akapolo. Ukapolo unathetsedwa mu 1865, koma tsankho silinathe. M'madera ambiri munthu wakuda ankamuletsa kuvota. Ena ankaphedwa ndi magulu a azungu popanda kuzengedwa mlandu.

Pa 28 July 1917, anthu akuda pafupifupi 10,000 anayenda mumsewu wa Fifth Avenue mumzinda wa New York. Sanaimbe, sanakuwe. Kunkangomveka ng'oma basi. Amayi ndi ana anavala zoyera. Zonse zimene zinali kukhosi kwawo anazilemba pa zikwangwani.

Otola zinyalala a ku Memphis

Pa 1 February 1968, Echol Cole ndi Robert Walker, amene ankagwira ntchito yotola zinyalala mumzinda wa Memphis, anausa mvula kumbuyo kwa galimoto ya zinyalala. Makina a galimotoyo anawaphwanya, nafera pomwepo. Anzawo pafupifupi 1,300 ananyanyala ntchito. Ankafuna malipiro abwino ndi chitetezo pantchito.

Nthawi imeneyo azungu ambiri ankaitana bambo wakuda kuti "mnyamata," ngakhale akhale wa imvi ndi zidzukulu zomwe. N'chifukwa chake onyanyala ntchitowo analemba mawu anayi okha, akuti "I Am A Man," kunena kuti ine ndine munthu wamkulu. Zikwangwanizo zinali zofanana, zilembo zakuda papepala loyera. Pa 28 March apolisi anabalalitsa anthu ochita zionetsero ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo anawombera n'kupha Larry Payne, mnyamata wa zaka 16. Martin Luther King, mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda, anali atabwera kudzalimbikitsa onyanyala ntchitowo. Iyenso anaphedwa mumzinda womwewo pa 4 April.

Mawu atsopano

Mu 2013 khoti linamasula munthu amene anapha Trayvon Martin, mnyamata wakuda wa zaka 17. Amayi atatu, Alicia Garza, Patrisse Cullors ndi Opal Tometi, anafalitsa pa intaneti mawu akuti Black Lives Matter, kutanthauza kuti moyo wa anthu akuda ndi wofunika. Chaka chotsatira Eric Garner anafa ku New York wapolisi atamukanyanga pakhosi. Anadandaula mobwerezabwereza kuti akulephera kupuma. Dandaulo lakelo linayamba kulembedwa pa makatoni ndi pa malaya.

Imfa ya George Floyd

Pa 25 May 2020, mumzinda wa Minneapolis, wapolisi Derek Chauvin anatsamiritsa bondo pakhosi pa bambo wakuda George Floyd kwa mphindi zoposa 9. Floyd anali atamangidwa maunyolo, atagona chafufumimba pamsewu. Mtsikana wina anajambula zonsezo pa foni, ndipo dziko lonse linaona.

Zionetsero zinabuka m'mizinda yambirimbiri. Inali nthawi ya Covid-19, choncho anthu ambiri anali atatseka pakamwa ndi mamasiki. Zikwangwani zambiri sizinali zosindikiza. Munthu ankangong'amba katoni, n'kutenga cholembera chachikulu. Zina zinali ndi zilembo zokhota, koma ndi zomwezo zimene zinkagwira mtima, chifukwa zinkaonekeratu kuti mwini wake walemba yekha.

Chachikulu chimene chinkalembedwa ndi maina a anthu ophedwa: George Floyd, Breonna Taylor, Tamir Rice, Philando Castile ndi ena ambiri. M'malipoti a boma munthu wakufa amasanduka nambala. Dzina likalembedwa pakhoma, wodutsa aliyense amakumbukira kuti ameneyu anali mwana wa munthu.

Makoma ndi matabwa

Patangopita masiku ochepa, akatswiri a zojambula Xena Goldman, Cadex Herrera ndi Greta McLain, pamodzi ndi anzawo, anajambula nkhope ya Floyd pakhoma la sitolo ya Cup Foods, pafupi ndi pamene anafera. Kumbuyo kwa mutu wake anajambula duwa la mpendadzuwa, ndipo m'kati mwake analembamo maina a anthu ena akuda ophedwa ndi apolisi. Chapafupi pomwepo anthu ena anakonza manda oyerekezera, okhala ndi zikwangwani zoyera zoposa 100, chilichonse ndi dzina lake.

Pa zionetsero zina panali kuswa ndi kutentha nyumba. Eni masitolo anakhoma matabwa pa mawindo. Ojambula anaona kuti apeza polemba, ndipo matabwawo anadzaza ndi nkhope, maluwa ndi zibakera.

Ku Washington, pa 5 June 2020, meya Muriel Bowser analamula kuti mawu akuti Black Lives Matter alembedwe ndi penti yachikasu pamsewu wa 16th Street, pafupi ndi White House, nyumba ya pulezidenti. Zilembo zake zinadzaza msewu wonse m'lifupi. Ena mwa ochita zionetsero sanakondwere nazo. Anati penti ndi yotchipa, pamene chofunika ndi kusintha kagwiridwe ka ntchito ka apolisi. Dandaulo limeneli linali ndi mfundo.

Kunja kwa America

Nkhope ya Floyd inajambulidwanso ku Berlin, ku Nairobi, ndiponso pakhoma la nyumba yogumuka ndi nkhondo ku Idlib m'dziko la Syria. Ku Bristol, m'dziko la Britain, pa 7 June 2020 anthu anagwetsa chiboliboli cha Edward Colston, amene analemera ndi malonda a akapolo, n'kuchiponya m'madzi padoko.

Zimene zinatsatira

Katoni sichedwa kuola ikanyowa, ndipo khoma amatha kulipakanso penti. Ku Minneapolis magulu a Save the Boards ndi Memorialize the Movement anatolera matabwa ojambulidwa aja kuti asatayidwe. Chiboliboli cha Colston anachivuula, ndipo mu 2021 anachionetsa m'nyumba yosungiramo zakale ya M Shed, chili chogona, pambali pake pali zikwangwani za tsiku lija.

Mu 2021 Derek Chauvin anapezeka wolakwa pa mlandu wakupha, ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 22 ndi theka. Bilu yosintha ntchito za apolisi, yotchedwa dzina la George Floyd, inavomerezedwa m'nyumba yaing'ono ya malamulo koma inakanika m'nyumba yaikulu ya Senate. Zilembo zachikasu za ku Washington zinafafanizidwa mu March 2025.