Barbara McClintock ndi chimanga chamawangamawanga

Njere zofiira kusakanikirana ndi zoyera pachisononkho chimodzi si chachilendo kwa mlimi. Mungu wa m'munda wa mnansi umabwera ndi mphepo. Chovuta kufotokoza ndi njere imodzi yokhala ndi timadontho tofiirira pathupi loyera. Funso limeneli ndilo linadya zaka zambiri za moyo wa a Barbara McClintock, katswiri wa za chibadwa wa ku America.

Anabadwa mu 1902 ku Hartford, m'chigawo cha Connecticut, ndipo mu 1919 analowa pa yunivesite ya Cornell kukaphunzira zaulimi. Digiri ya udokotala anaitenga mu 1927. Masiku amenewo kunali kagulu ka achinyamata kofufuza chimanga pansi pa Pulofesa Rollins Emerson, ndipo mmodzi mwa iwo anali George Beadle, yemwe anadzalandira mphotho ya Nobel mu 1958. A McClintock anali ndi diso lakuthwa pa maikulosikopu. Anapeza njira yosiyanitsira ma chromosome khumi a chimanga, timaulusi ta m'selo tonyamula majini, oti ndiwo amapereka maonekedwe a kholo kwa mwana. Mu 1931, iwo ndi a Harriet Creighton anaonetsa kuti timaulusiti timasinthanadi zidutswa mbewu ikamabereka.

Dzina linamveka, koma mpando wokhazikika ku Cornell sunapezeke. Mu 1933 anapita ku Germany pa thandizo la bungwe la Guggenheim, nabwerera msanga chifukwa cha ndale za chipani cha Nazi. Yunivesite ya Missouri inawalemba ntchito mu 1936, koma poona kuti kukwezedwa kunali kutali, mu 1941 anachokako. Anakakhazikika ku Cold Spring Harbor, pafupi ndi New York, pa malo ofufuzira a bungwe la Carnegie. Kumeneko kunalibe kalasi yoti aphunzitse. Kunali munda, maikulosikopu ndi nthawi.

Ntchito yake inali yamanja. Chimanga chikamasula, ankaphimba ngayaye ndi timatumba tapepala kuti atole mungu, ankaphimbanso ndevu za chimanga kuti mungu wosadziwika usagwerepo, kenako n'kuthira okha mungu wa phesi limene asankha. Phesi lililonse linali ndi chizindikiro chake. Akakolola ankawerenga madontho njere ndi njere. Kumeneko chimanga cha kumunda chimalimidwa kamodzi pachaka, choncho funso la chaka chino linkadikira dzinja lina kuti liyankhidwe.

Pofika 1948 anali ataona kuti pa chromosome ya nambala 9 pali kachidutswa kosakhazikika, kamene anakatcha Ds, ndipo kamasuntha pokhapokha pali kanzake kotchedwa Ac. Kachidutswako kakalowa m'jini yopanga mtundu, jiniyo imaleka kugwira ntchito ndipo njere imayera. Kakachokapo njere ikukula, jiniyo imayambiranso, ndipo maselo obadwa kuchokera pamenepo amakhala ndi mtundu. Kakachoka msanga, dontho limakula; kakachedwa, limakhala kakang'ono.

Atafotokoza zimenezi pamsonkhano wa akatswiri mu 1951, ambiri anangoti kukamwa yasaa. Aliyense ankadziwa kuti jini ili ndi malo ake ndipo sisuntha. Mu 1953 a McClintock analeka kutumiza zolemba za nkhaniyi ku magazini a sayansi.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati ya mayi wonyozedwa, koma ine ndimaona kuti kutero n'kufupikitsa. Mu 1944 anali atasankhidwa kale kulowa National Academy of Sciences, mayi wachitatu m'mbiri ya bungwelo, ndipo mu 1945 anatsogolera Genetics Society of America. Anzawo ankawalemekeza. Chimene anachikayikira kwambiri ndi ganizo la a McClintock lakuti tizidutswati ndito timalamulira kakulidwe konse ka chomera, ndipo pamenepo okayikawo sanalakwe kwenikweni. Komanso zolemba za a McClintock zinali zolimba ngati chimanga chokazinga chadzulo.

Zinthu zinatembenuka cha m'ma 1970, akatswiri atapeza tizidutswa tosuntha m'mabakiteriya, tina tonyamula majini olimbana ndi mankhwala. Mu 1983, ali ndi zaka 81, a McClintock analandira mphotho ya Nobel ya zamankhwala, mayi woyamba kuilandira popanda wogawana naye. Anamwalira mu 1992. Mu 2009 akatswiri atawerenga DNA yonse ya chimanga, anapeza kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse ndi tizidutswa ta mtundu wosunthawu.